Kulipiriratu ndiwo kwa mlimi mmodzi: banja lotanganidwa limapindulanji, nanga n'zololedwa?



Masabata apitawa ndinalandira uthenga wa pa WhatsApp kuchokera kwa mayi wina amene ndinamuphunzitsa ku madrasa ali mtsikana. Pano ali ku England ndi banja lake. Iye amasamalira okalamba, sabata ina usiku, ina masana, ndipo mwamuna wake amayendetsa galimoto yonyamula katundu. Ali ndi ana atatu. Uthengawo unali wotere: "A Shehe, kuno kuli famu ina imene ikulemba mabanja. Akuti tizilipiriratu, ndiye sabata iliyonse tizikatenga bokosi la ndiwo zamasamba. Koma akuti zokolola zikavuta bokosi lizichepa ndipo ndalama sabweza. Ine nthawi yozungulira m'mashopu ndilibe, choncho zandikopa. Kodi n'zaphindu? Nanga n'zololedwa?"

Ndinamupempha kuti andipatse masiku angapo. Yankho lake ndaganiza zoliika pano chifukwa ambiri a ife tili ndi ana kapena abale ku Joni, ku Cape Town ndi ku UK amene angakumane ndi zomwezi. Chinanso n'chakuti kupereka ndalama mbewu zikadali m'munda si nkhani yachilendo kwa ife a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ngakhale kuti kwathu kuno imayenda mwa mtundu wina.

Mmene dongosololi limayendera

Pa Chingerezi amalitcha Community Supported Agriculture, mwachidule CSA. Mlimi amawerengetsa zimene adzawononge pa nyengo yonse: mbewu, manyowa, madzi, malipiro a antchito ndi chakudya cha banja lake. Ndalamazo amazigawa m'magawo, ndipo banja lililonse limene lalembetsa limagula gawo limodzi kapena theka. Ena amalipira zonse nyengo isanayambe, ena mwezi ndi mwezi koma atalonjeza kuti akhala mpaka nyengo ithe. Kukolola kukayamba, sabata iliyonse banja limalandira bokosi la zimene zakhwima m'sabatayo. Kumpoto chakum'mawa kwa America nyengoyi kawirikawiri imayamba mu June n'kutha mu October, masabata pafupifupi 20. Mafamu ena a ku Britain amagawa chaka chonse.

Chimene chimasiyanitsa dongosololi ndi kugula kwa masiku onse n'chimodzi. Pamsika umalipira tomato amene ukumuona. Mu CSA umalipira kuti munda ulimidwe, ndipo chimene mundawo utulutse, chochuluka kapena chochepa, mumagawana. Mvula ikagwa bwino bokosi limasefukira. Matalala akagwa bokosi limapepuka. Amene sanamvetse mfundo imeneyi asalembetse, chifukwa phindu lonse ndi madandaulo onse zimachokera pomwepa.

Kumene linachokera

Mbiri yake ikuonetsa kuti ena mwa amene analiyambitsa anali amayi a m'tauni odera nkhawa chakudya cha ana awo. Ku Japan, mu 1965, amayi a mumzinda wa Tokyo anagwirizana zogula mkaka pamodzi, ndipo gulu lawo linakula n'kukhala bungwe lotchedwa Seikatsu Club. M'zaka zimenezo anthu a m'dzikomo anali ndi mantha ndi mankhwala a m'minda komanso zoipa zotayidwa ndi mafakitale, makamaka ataona matenda a ku Minamata amene anabwera chifukwa chodya nsomba za m'madzi oipitsidwa. Mu 1971 kunakhazikitsidwa bungwe la ulimi wosagwiritsa ntchito mankhwala, ndipo linalimbikitsa ubale wa mlimi ndi ogula umene amautcha teikei, kutanthauza mgwirizano.

Ku Switzerland, pafupi ndi mzinda wa Geneva, mu 1978 kunayamba kopaletivi ya Les Jardins de Cocagne, imene mamembala ake amasonkha ndalama n'kulemba alimi ntchito. Maganizo amenewa anawoloka nyanja n'kufika ku America, kumene mu 1986 mafamu awiri anayamba kugwira ntchito motere: Indian Line Farm ku Massachusetts, imene ankatsogolera mayi Robyn Van En, ndi Temple-Wilton Community Farm ku New Hampshire. Izi zisanachitike, mphunzitsi wa zaulimi wa pa yunivesite ya Tuskegee ku Alabama, Booker T. Whatley, anali atayamba kale kulangiza alimi ang'onoang'ono akuda kuti azikhala ndi kalabu ya mabanja a m'tauni olipira umembala, kuti asamadalire ogula a pikulitsa.

Ku France gulu loyamba, limene kumeneko amalitcha AMAP, linayamba mu 2001 pa famu ya Daniel ndi Denise Vuillon, pa nthawi imene anthu anali atataya chikhulupiriro mu nyama ya m'mashopu chifukwa cha matenda a misala ya ng'ombe. Ku China mayi Shi Yan anathandiza kuyambitsa Little Donkey Farm ku Beijing dzikolo litangotuluka kumene mu mlandu wa mkaka wa ana wothiridwa mankhwala wa mu 2008. Kulikonse nkhani ndi imodzimodzi: anthu akasiya kukhulupirira msika, amayamba kufunafuna nkhope ya mlimi.

Chifukwa chake nkhaniyi ikumvekanso tsopano

Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka anthu m'nyumba ndipo mashelefu a m'mashopu atayamba kukhala opanda kanthu, mafamu ambiri a CSA ku America ndi ku Britain anadzaza mpaka kulemba anthu pa mndandanda wodikira. Kafukufuku wa unduna wa zaulimi ku America wa chaka chimenecho anapeza mafamu oposa 7,000 ogulitsa mwa njira imeneyi. Mu February 2023 mashopu akuluakulu a ku Britain monga Tesco, Asda, Aldi ndi Morrisons anaika malire pa tomato, nkhaka ndi tsabola wobiriwira amene munthu mmodzi angagule, chifukwa nyengo inali itaononga mbewu ku Spain ndi ku Morocco kumene dzikolo limaitanitsa ndiwozi m'nyengo yozizira. Zaka zomwezo mitengo ya zakudya inakwera kwambiri. Banja limene makolo onse awiri ali pa ntchito linaona kuti likutaya nthawi m'mashopu, likutaya ndalama, koma osatsimikiza kuti chimene likufuna lichipeza.

Ku South Africa nakonso zoterezi zinayesedwapo. Mu 2008 bungwe la Abalimi Bezekhaya ku Cape Town linayambitsa ntchito ya Harvest of Hope, yotenga ndiwo kwa alimi a timinda ta m'makomboni monga Khayelitsha ndi Nyanga, n'kumakazisiya m'mabokosi pa masukulu kuti makolo olembetsa azitenga pokatenga ana.

Phindu lenileni kwa banja lotanganidwa

Phindu loyamba ndi nthawi, koma osati nthawi yoyenda yokha. Mayi aliyense amadziwa kuti funso lakuti "lero tidyera chiyani" limatopetsa kuposa kuphika kwenikweniko. Bokosi likafika Lachinayi, funsolo layankhidwa sabata yonse. M'malo moganiza chophika kenako n'kukachisaka, umayang'ana chimene chilipo n'kuphika. Malo otengera nthawi zambiri amakhala pa sukulu, pa holo ya m'dera kapena pa nyumba yopemphereramo, kumene munthu amadutsa kale. Mabanja oyandikana amasinthana: sabata ino atengera anzawo awa, sabata yamawa awo.

Lachiwiri ndi mtengo wodziwikiratu. Amene walipira kumayambiriro kwa nyengo sakhudzidwa mtengo wa ndiwo ukakwera pakati pa nyengoyo. Kwa banja lolandira malipiro a pamwezi, kudziwa kuti gawo limodzi la chakudya latsekedwa kale kumathandiza kukonza zina. Apa tisanamizane: CSA si njira yotchipitsitsa. Ku shopu yotsika mitengo ungapeze kabichi wotchipa kuposa wa m'bokosi. Chimene umagula ndi kukhazikika kwa mtengo ndi ubwino wa ndiwozo.

Lachitatu ndi kusafota msanga. Ndiwo za m'bokosi zimathyoledwa tsiku lomwelo kapena dzulo lake, pamene za m'shopu zina zayenda masiku pa galimoto ndi pa sitima. Kwa munthu amene amaphika kawiri kapena katatu pa sabata, masamba amene angathe kukhala masiku angapo osaonongeka ndi chuma.

Lachinayi ndi kadyedwe. Banja lotanganidwa limathawira ku zakudya zokazinga za m'njira ndi zam'mapaketi, ndipo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amalowera khomo lomwelo. Ndiwo zimene walipira kale zikakhala m'khitchini, mtima sulola kuzitaya, ndiye umaziphika. Mafamu ambiri amalolanso mamembala kubwera ndi ana kudzaona munda. Mwana wobadwira ku Leicester kapena ku Johannesburg amene sanagwirepo khasu amakaona kuti karoti amachokera m'dothi, ndipo chimene wazula yekha amachidya mosanyinyirika.

Lachisanu ndi kudziwa mmene chakudya chalimidwira. Ungathe kumufunsa mlimi maso ndi maso kuti wathira mankhwala anji ndipo wathira liti. Ife timazolowera kufunsa za halaal pa nyama yokha, koma Qur'an yolemekezeka ikamatchula chakudya chololedwa imatchulanso kuti chikhale chabwino.

Mlimi naye amapindula, ndipo phindu lake ndi limene limachititsa kuti phindu la banja lipitirire. Amalandira ndalama pa nthawi yobzala, nthawi imene thumba lake limakhala lopanda kanthu, popanda kupita kukatenga ngongole ya chiwongoladzanja. Amadziwa kuchuluka kwa anthu amene akuwalimira, choncho salima zambiri zoti zidzawolere pamsika. Ndipo ndalama imene ikanatsalira kwa apakati imafika kwa iye.

Walira mvula walira matope

Tsopano mbali imene zikalata zoitanira anthu sizinena mokweza. Bokosi limachepetsa nthawi yogula koma limawonjezera nthawi ya kukhitchini. Ndiwo zimabwera ndi dothi, zofunika kutsuka ndi kusadzula. Zina zimakhala zachilendo, zoti sunaziphikepo. Sabata imene mbewu ina yachuluka umalandira mulu wa chinthu chimodzi, ndipo ngati ulibe firiji yokwanira kapena nthawi yofutsa, zimathera kudzala. Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene mabanja ambiri amasiyira ikangotha nyengo yoyamba: amamva chisoni kutaya chakudya chimene analipira.

Tsiku ndi ola lotengera sizisuntha. Kwa munthu wogwira ntchito mosinthana usiku ndi masana, ngati mwana wanga wa ku England uja, ili ndi vuto lenileni. Ukapita kutchuthi kumudzi mwezi wathunthu, bokosi limabwerabe. Komanso bokosilo silithetsa maulendo a kushopu, chifukwa mpunga, ufa, mafuta, sopo ndi nyama ya halaal mulibemo. Ku Britain kuli nyengo ya cha mu April ndi May imene zosungidwa za chaka chatha zimakhala zatha koma zatsopano zisanakhwime, ndipo bokosi limakhala lopepuka, monga mmene ife timaidziwira miyezi ya January ndi February.

Choopsa chachikulu ndi chimene mayiyu anachitchula. Mu August 2011 mphepo yamkuntho yotchedwa Irene inasefukiritsa mitsinje ku Vermont ndi ku New York, ndipo mafamu ambiri a m'zigwa anamira. Ndiwo zimene madzi osefukira anazikhudza sizinaloledwe kugulitsidwa. Mamembala a mafamu ena anangouzidwa kuti nyengo yathera pomwepo. Ena anadandaula, koma ambiri anapirira, ena mpaka kusonkha ndalama zina kuti mlimi wawo adzukenso. Pamenepo m'pamene zinaonekera kuti ndani analowa ngati mnzake wa mlimi ndipo ndani ankaganiza kuti wangogula ndiwo zotchipa.

Pofuna kusunga mabanja otanganidwa, mafamu ambiri asintha. Alipo olola kulipira pamwezi, kusankha zolowa m'bokosi kudzera pa intaneti, kudumpha sabata kapena kubweretsa pakhomo. Ena amakupatsa khadi ya ndalama zimene walipiriratu kuti uzigulira zimene ukufuna pa mtengo wodziwika. Izi n'zothandiza, koma pamene dongosolo likufanana kwambiri ndi shopu, m'pamenenso katundu wa tsoka akubwerera pa mutu wa mlimi yekha. Palinso makampani amene amagula ndiwo pa pikulitsa n'kumazigulitsa m'mabokosi okongola okhala ndi chithunzi cha famu. Amenewo ndi malonda wamba, ndipo palibe cholakwika, bola munthu adziwe chimene akugula.

Nanga Shariah ikuti chiyani?

Funso lachiwiri la mayiyu ndi lolemera, chifukwa Chisilamu chimaletsa malonda a gharar, amene chogulidwacho sichikudziwika kuchuluka kwake kapena ngati chidzapezeke n'komwe. Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam) analetsa kugulitsa zipatso zisanaonetse kuti zakhwima. Ma Ulama akafuna kupereka chitsanzo cha gharar amatchula kugulitsa nsomba ikadali m'madzi kapena mbalame ili m'mlengalenga. Cholinga cha lamuloli n'chakuti wina asadye chuma cha mnzake pachabe ndiponso kuti pasabuke mkangano.

Koma kulipiriratu pakokha sikoletsedwa. Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) atafika ku Madina anapeza anthu akulipiriratu tende wa chaka chimodzi kapena ziwiri zakutsogolo. Sanawaletse, koma anawaikira malire: muyeso udziwike, kulemera kudziwike, nthawi idziwike. Malonda amenewa amatchedwa salam. Zofunika zake ndi izi: ndalama yonse iperekedwe pa nthawi ya mgwirizano, mtundu, ubwino ndi kuchuluka kwa katundu zitchulidwe, tsiku loperekera lidziwike, katunduyo akhale wopezeka m'nyengo imeneyo, ndipo asamangiriridwe ku munda umodzi, chifukwa munda umodzi ungathe kupsa. Wogulitsa akalephera, wogula amasankha kudikira kapena kulandira ndalama yake monga momwe anaperekera, popanda kuwonjezera.

Tikayika CSA pa sikelo imeneyi, tiona kuti mtundu wake woyambirira si salam. Kuchuluka sikudziwika, zomwe zilowe m'bokosi sizidziwika, ndipo zonse zamangiriridwa ku famu imodzi. Ngati chikalata chikunena kuti "mwagula ndiwo, koma mwina simudzalandira kanthu ndipo ndalama sitibweza", pamenepo pali gharar yoonekeratu.

Komabe si CSA iliyonse imene ili malonda a ndiwo. Ku Les Jardins de Cocagne, komanso ku Stroud Community Agriculture ku England, mamembala ndi kopaletivi imene imalipira zofunika za munda ndi malipiro a alimi. Iwo sakugula zokolola za munthu wina. Akulimitsa munda wawo, ndipo zokolola ndi zawo kuchokera pachiyambi. Mwa kuona kwanga, izi zikufanana ndi shirkah, kuphatikiza chuma pa ntchito imodzi, pamodzi ndi kulemba munthu ntchito pa malipiro odziwika. M'dongosolo lotere kupindula ndi kuluza zimagwera eni chuma molingana ndi magawo awo, ndipo chimenecho ndi chilungamo chimene Shariah imachidziwa. Chimodzimodzi mtundu uja wolipiriratu n'kumatenga katundu wooneka pa mtengo wodziwika, ndalama yotsala n'kubwezedwa, uli kutali ndi gharar.

Choncho dzina lakuti CSA palokha siliyankha funso. Chimene chimayankha ndi mawu a m'chikalata. Kodi ndikugula katundu, kapena ndikukhala mmodzi wa eni munda? Ngati ndikugula, kuchuluka kwalembedwa? Munda ukalephera, ndalama ibwera? Ngati ndine membala, kodi ndili ndi ufulu woona mmene ndalama zayendera? Amene wapatsidwa chikalata chotere apite nacho kwa Sheikh wodziwa malamulo a malonda wa m'dera lake kuti awerengere limodzi, chifukwa famu iliyonse imalemba zake.

Kwathu kuno kunyanja

Tisathamangire kukopera. Kuno amayi ogulitsa mpiru, nkhwani, therere ndi tomato ali pa msewu uliwonse, ena amafika ndi dengu pakhomo penipeni, choncho nthawi imene banja lingapulumutse si yochuluka ngati ku London. Nyumba zambiri zilibe firiji, ndipo kutentha kwa kunyanja sikulola masamba kukhala sabata. Mabanja ambiri amapeza ndalama tsiku ndi tsiku, sangathe kulipiriratu miyezi. Ndiponso tisaiwale kuti amayi a madengu aja akudyetsa ana ndi malonda amenewo.

Koma mbali ina ya nkhaniyi ikutikhudza kwambiri. Tonse tikudziwa zimene zimachitika m'miyezi ya njala. Mlimi wa mpunga wasowa chakudya kapena fizi, ndipo wogula amabwera ndi ndalama yochepa n'kunena kuti pokolola adzatenga thumba lathunthu. Wina amapita kwa akatapila. Kunja kwake zimaoneka ngati salam, chifukwa thumba ladziwika ndipo nthawi yadziwika, koma mtima wake ndi wodyera pa mavuto a m'bale. Salam inaloledwa kuti mlimi apeze mpamba, ndipo wogula apeze mtengo wotsikirapo pang'ono, osati kuti wanjala agulitse thukuta lake la chaka chonse pa mtengo wa chigoba cha chimanga. Phunziro limene CSA ikutipatsa n'lakuti mtengo ungathe kuyambira pa funso lakuti "mlimiyu akufunika zingati kuti alime ndi kudyetsa banja lake", m'malo mwa lakuti "afinyika mpaka pati".

M'matauni athu muli mabanja amene alidi otanganidwa: aphunzitsi, anamwino, apolisi, ogwira ntchito m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, ochita malonda ochoka m'bandakucha n'kubwera dzuwa litalowa. Mulinso mabanja amene amadalira ndalama zotumizidwa ndi ana a ku Joni, zimene nthawi zina zimatha mwezi usanafike pakati. Kwa amenewa, mgwirizano waung'ono ungathe kugwira ntchito. Tiyerekeze mabanja 10 agwirizana ndi mlimi wa dimba, kapena gulu la amayi a ulimi wamthirira, kwa miyezi itatu ya chilimwe. Alipira pachiyambi kuti agule mbewu ndi feteleza. Alemba kuti kawiri pa sabata banja lililonse lizilandira mipukutu yakutiyakuti ya masamba, makilogalamu akutiakuti a tomato ndi anyezi, ndipo dimba likavuta mlimi akagule kwina kapena abweze ndalama ya zotsalazo. Pa mpunga wa ku masikimu ngati Lifuwu ndi Bua, nyemba kapena chimanga n'zosavuta kwambiri, chifukwa zimayezeka ndipo zimasungika. Mwana amene ali kunja angathe kulipira mlimi mwachindunji kuti makolo ake azilandira chakudya m'malo mwa ndalama.

Pa nsomba pakufunika kusamala. Asodzi a ku Port Clyde, m'chigawo cha Maine ku America, anayamba mu 2007 kugulitsa za m'nyanja kwa mabanja olipiriratu, ndipo njirayo yafalikira. Koma kulipira "zonse zimene zikodwe mu ukonde usiku uno" ndi gharar yeniyeni ija. Chotheka ndi kugwirizana pa muyeso wodziwika, monga ndowa ya usipa wouma, m'nyengo imene umapezeka, ndipo mgwirizano usakankhire msodzi kulowa m'madzi m'miyezi imene boma latseka nyanja kuti nsomba ziswane.

Pali zinthu zitatu zimene zingagwetse mgwirizano wotere kwathu kuno. Choyamba ndi kugwa kwa ndalama. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mlimi amene walonjeza mtengo wa miyezi yambiri, n'kuona pamsika mtengo wakwera kawiri, amayesedwa kuti akagulitse kumbali. N'chifukwa chake mgwirizano ukhale waufupi ndipo mtengo ukhale wachilungamo kuyambira pachiyambi. Chachiwiri ndi nyengo. Tinaona namondwe Freddy mu March 2023, ndipo mu 2024 chilala chinachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, chaka chomwecho madzi a m'nyanja atakwera n'kumiza minda ndi nyumba za m'mphepete. Za tsoka zikambidwe mbewu zisanabzalidwe. Ngati ndi salam, ngongole ilipo, koma Qur'an imalamula kumupatsa nthawi amene wapanikizika ndipo imati kumukhululukira n'kwabwino koposa. Chachitatu ndi manyazi athu olemba. Timati "ndi m'bale wathu, timaswali limodzi", kenako tikuonana kwa amfumu. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ya nthawi yodziwika ndi kuika mboni. Kulemba si kukayikirana, n'kuteteza ubale.

Ena angafune kuti malo olandirira akhale pafupi ndi mzikiti tsiku la Ijumaa, pakuti mabanja amakumana kale pamenepo. Zingatheke, bola zichitikire kunja kwa mzikiti ndiponso Swala itatha, chifukwa adhana ya Ijumaa ikamveka malonda amaima.

Zimene ndinamuyankha

Mwana wanga wa ku England uja ndinamuuza kuti ayambe wafunsa zinthu zinayi. Kodi famuyo ndi kopaletivi imene iye akhala membala, kapena ikumugulitsa ndiwo? Kodi alipo mnzake woyandikana naye amene angamutengere bokosi sabata imene ali pa ntchito ya usiku? Kodi amalola kuyesa kwa mwezi umodzi, kapena kugula theka la gawo? Ndipo kodi ndalama imene akufuna kuikamo ndi yoti itatayika ana sagona ndi njala ndipo ndalama yotumiza kwa amayi ake kumudzi siduka? Ndinamuuzanso kuti ngati akungofuna ndiwo zotchipa zofika pakhomo, apite kushopu kapena kwa ogulitsa mabokosi wamba, asadzivutitse. Koma ngati iye ndi mwamuna wake ali okonzeka kuphika zimene zabwera, ndiponso kukhala ndi mlimi mmodzi m'chaka chabwino ndi choipa chomwe, apeza nthawi yopuma, ana adya bwino, ndipo ndalama yake ithandiza munthu kulima popanda riba.

Wandiyankha kuti famuyo ndi kopaletivi, ndipo iye ndi banja lina la ku Malawi limene amaswali nalo mzikiti umodzi agwirizana zogawana gawo limodzi kwa miyezi itatu kuti aone. Chikalata achitengera kwa Imam wa kumeneko asanasaine.

Allah atidalitsire rizq lathu, awapatse alimi ndi asodzi athu nyengo zabwino, ndipo atiteteze ku kudya chuma cha anzathu mopanda chilungamo. Allah ndiye Wodziwa koposa.